Khomo la Mlongo Wanga ndi Mawaya a Atsibweni

Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, anagwira ntchito m'maofesi a boma ku Ulongwe zaka zambirimbiri, ndipo ntchito yawo yonse inali kudinda karimbo pa mapepala olembedwa ndi anthu ena. Atapuma pa ntchito anabwerera kwathu ku Lifidzi ndi chikwama chachikopa, magalasi a maso, ndi chikhulupiriro choti palibe kanthu pansi pano kamene kangakanike ngati munthu walemba pepala loyenera. Ankavala jekete ngakhale popita kukasuzumira nkhumba. Munthu ameneyu ndiye anali mwini mbumba wathu. Ndayamba ndi iwo chifukwa kwa nthawi yaitali ndakhala ndikuwasenzetsa mlandu wonse, ndipo kutero kumandikomera.

Mlongo wanga wamng'ono, amene ndinamubereka kumsana ndili mtsikana, anali mlimi wa kachewere ndi nyemba. Sukulu anaisiya msanga, koma ng'ombe ankazidziwa kuposa mmene ine ndimadziwira ana amene ndinkawaphunzitsa. Tsiku lina m'nyengo yokolola akutsika ndi ngolo yodzaza matumba pachitunda cha kudimba, gudumu linalowa m'ngalande, ngolo n'kupidiguka, iye n'kupezeka pansi pake. Anamutengera kuchipatala ku Ulongwe, kumeneko anamutumiza ku Tete. Atabwerako patapita milungu, mutu unali bwinobwino, manja anali amphamvu monga kale, koma kuyambira m'chiuno kutsika mmunsi sankamva kanthu, ngakhale umutsine.

Adotolo anandilongosolera ine, poti ndine ndinkamva Chipwitikizi bwino. Anati mkati mwa fupa la msana mumadutsa mtsempha waukulu umene umanyamula mawu kuchoka kumutu kupita kumiyendo, ndipo mtsempha umenewo unaphwanyika. Anandiuza zinthu zitatu zokha: tizimutembenuza pafupipafupi kuti asatuluke zilonda, tizimukhazika tsonga, ndipo tisamutsekere m'nyumba. Zinali zosavuta kumva. Mwana wa kalasi yoyamba akanazigwira.

Amasisitere a ku Fonte Boa anatipezera mpando wamagudumu, umene kwathu timangoti kadera. Sunali wopindika ngati ija ya m'zipatala. Unali wolimba, wa magudumu awiri aakulu ngati a njinga ndi kena kakang'ono kutsogolo, wopangidwira njira zathu za miyala ndi matope. Ndinaukweza pamwamba pa shapa, minibasi ya kwathu kuno, ndipo kuchokera pamsewu ndinaukankha ndekha mpaka pakhomo, ndikudzimva ngati ndagwira nyanga ya njovu. Titafika nawo pakhomo la nyumba ya mlongo wanga, unakana kulowa. Unatsala ndi zala zinayi zokha. Tinaupendeka, tinauyesa chafutambuyo, tinachotsa chitseko, koma mphuthu zinaugwira ndithu.

Tinaitana mmisiri womanga nyumba wa m'mudzi momwemo. Anayang'ana, nayeza ndi chikhatho, nati njerwa zake n'zomangira dothi, kuchotsa mzere umodzi mbali imodzi ndi ntchito yoti dzuwa lisanafike pamutu yatha. Anati abwera mawa lake ndi nyundo.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa likadalipo, atsibweni anafika atanyamula telefoni m'manja ngati wansembe wanyamula ukaristia. Anatisonkhanitsa tonse m'chipinda cha wodwala. Mwana wawo wa ku Maputo anali atawatumizira kanema. M'kanemamo munali mzungu wamng'ono thupi amene ankati anagwa pa njinga yamoto n'kuthyoka msana. Madotolo a kwawoko anamung'amba kumsana n'kuyala timawaya tating'onoting'ono pamtsempha uja, mmunsi mwa pamene panaphwanyika, ndi kabatire kobisika pansi pa khungu. Akadina batani, timawayato timatumiza magetsi pang'onopang'ono, miyendo n'kudzidzimuka. Tinamuona mzunguyo akudzuka pakadera, atagwira chitsulo choyendera, naponya phazi limodzi, kenako linzake, anthu ovala zoyera akuomba m'manja.

Sindinama, nanenso ndinalira. Mlamu wanga, mkazi wa mlongo wangayo, anagwira pakamwa. Wodwalayo anapempha kuti amubwezerenso kanemayo kawiri.

"Mwaonatu," anatero atsibweni, akupukuta magalasi. "Dziko linapita patsogolo, ife tikadali pa nyundo. Mwana uyu ayenda. Ine ndilemba rekerimento, kalata yopempha ku boma, ndikudziwa makomo ake. Ndiye ndamva kuti mukufuna kugumula nyumba?"

Ndinati si nyumba ayi, ndi mzere umodzi wa njerwa.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, sukulu inakuiwalitsa kwanu? Nyumba amagumula ya ndani?"

 Tonse tinkadziwa yankho. Kwathu kuno kuyambira kale, munthu akamwalira, maliro akatha, nyumba yake amaigwetsa. Ife a m'banja mwathu ndife Akatolika a mibadwo itatu, ndipo nyumba za njerwa zootcha palibe amene amazigwetsanso, koma mantha ake sanasamuke. Kukhudza khoma la nyumba ya munthu amene ali gone pa mphasa, ndiye kuti wamuitanira imfa. Atsibweni anawonjezeranso yawo: kukulitsa khomo n'kuvomereza pamaso pa Mulungu kuti munthuyu sadzayendanso. "Mukufuna mumutsekere mwayi ndi manja anu omwe? Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mmisiri atabwera m'mawa atsibweni anamubweza. Kadera ija anaikankhira kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapichesi, n'kuifunditsa chiguduli kuti wodwala asamaione n'kutaya mtima.

Ine si munthu womeza zinthu osatafuna. Nditabwerera ku Ulongwe kumene ndinkaphunzitsa, ndinakhala pansi ndi telefoni yanga n'kuwerenga zonse zimene ndinapeza za mawayawo. Sanali mabodza. Chinthucho chilipodi, ndipo amene anachiganiza ndimawavulira chipewa. Koma zinali zoyesera, pa anthu owerengeka, m'zipatala za kutsidya kwa nyanja zimene ngakhale eni dzikolo ambiri sazilowa. Munthu akamuika mawayawo sadzuka n'kuthamangira kumunda. Amatha miyezi ndi miyezi akuphunzitsidwa kuponya phazi, atazunguliridwa ndi akatswiri ndi makina. Ndipo chimene chinandilasa kwambiri n'chakuti ambiri mwa iwo, akatha kuyenda pang'ono paja, amabwerera pakadera pawo n'kupitiriza tsiku. Ngakhale mzungu wa m'kanema uja, khomo la nyumba yake liyenera kuti ndi lotakasuka.

Loweruka lotsatira ndinapita nazo kumudzi nkhani zimenezi, nditazikonza bwino m'mutu ngati phunziro. Ndinapeza atsibweni pakhonde ndi akuluakulu ena a mbumba, akuwawerengera rekerimento ija mokweza m'Chipwitikizi chimene palibe ankachimva. Ndinagwada, ndinapereka moni, n'kuyamba kulongosola. Ndinati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Kadera tili nayo, mawaya ali kutali.

Atsibweni anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenako anatembenukira kwa anzawo aja, osati kwa ine.

"Mwamumva purofesora wathu? Ena tikuthamanga kuti mwana ayende, iye wakhala sabata yonse kufufuza zifukwa zoti asayende. Kaya dimba lija lamukomera, ine sindidziwa."

Basi, mawu ake anali omwewo. Dimba la mlongo wanga linali la amayi athu, lachonde, madzi osaphwa, ndipo aliyense ankadziwa kuti iye akalephereratu kulima, woyamba kuliyang'ana ndine. Ndinaona mmene azimayi amene anali pakhondepo anayang'anirana. Kwathu mawu otere sathera pakhonde. Amayenda, amakula, ndipo pakutha pa mwezi umamva kuti ngolo ija sinagwe yokha. Ndinadzuka, ndinasasa fumbi m'maondo, ndipo nkhani ya khomo sindinaitchulenso. Ine amene ndinkaopedwa ndi makalasi athunthu, ndinaphimbidwa ndi chiganizo chimodzi cha munthu wodinda karimbo.

Wina angafunse kuti bwanji osangomunyamula kupita naye panja. Tinayesa. Mlongo wanga anali chimunthu chadzitho, chofuna amuna awiri kapena atatu. Masabata oyamba anzake ankabwera Lamulungu, kumuika m'bulangete, n'kumutulutsa atagwira m'makona anayi. Iye ankadana nazo, ankati akumunyamula ngati mtembo. Tsiku lina bulangete linapulumuka dzanja la wina pakhomo pomwepo, iye n'kugwera pansi, nsalu imene anafunda n'kuvuka pamaso pa apongozi ake aakazi amene anabwera kudzamuzonda. Kuyambira tsiku limenelo anakana kunyamulidwa. Kenako mvula inagwa, aliyense anapita ku mizere yake, ndipo nkhani yotuluka inafera pomwepo.

Chipinda chake chinali ndi kazenera kamodzi kotsekedwa ndi thabwa chifukwa cha mphepo ya kuno kumapiri. Ankadziwa kuti kwacha pomva ng'ombe zikutuluka m'khola. Chimanga chinamera, chinakula, chinamasula ngaiyaye, iye osachiona.

Koma alendo sankasowa, ndipo alendo amenewo ndimawakumbukira ndi mseru. Ankabwera atavala bwino, kukhala pampando, n'kupempha kuti aonetsedwe mzungu uja. Kanemayo anasanduka chionetsero cha mudzi wonse. Ankamuonera pamutu pa wodwalayo, n'kumati, "Eee, azungu ndi Mulungu wachiwiri! Muyendatu achimwene, musadandaule." Akatero ankatuluka msangamsanga chifukwa cha fungo, n'kukapumira panja, pa dzuwa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsapo kuti kodi kadera ija inapita kuti. Kulosera zabwino n'kotsika mtengo, sikutulutsa thukuta.

Atsibweni nawo anapeza ntchito imene inawabwezera unyamata. Anabweretsa wojambula kuti amujambule wodwala zithunzi za pasipoti, atamutsamiritsa kukhoma, atamuveka jekete lawo pamwamba pa thupi lodzaza zilonda. Lolemba lililonse ankakwera shapa kupita ku Ulongwe ndi chikwama chija, kukapatsa moni anzawo akale m'maofesi, kudya nawo nkhomaliro, n'kubwerako madzulo nkhope ili ngwee. Ukawafunsa ankati, "Zili m'njira. Pepala lafika pa meza ya akuluakulu." Meza yake iti, tebulo la ndani, palibe ankafunsa. Ndikukhulupirira kuti m'maofesimo anawauza zoona tsiku loyamba lomwe, kuti zoterezi kuno kulibe, koma iwo sakanalola kubwerera kumudzi chimanjamanja n'kukhalanso nkhalamba wamba yoweta nkhumba.

Amene ankaidziwa ntchito yeniyeni anali mlamu wanga. Mkazi ameneyu anabwera chitengwa kuchokera kumudzi wa kutali, ndiye pamudzi pathu analibe pakamwa. Ndiye ankamutembenuza mwamuna wake, kumusambitsa, kuchapa nsalu zonyowa tsiku ndi tsiku m'nyengo ya mvula pamene chinthu sichiuma, n'kupitanso kumunda yekha. Anaonda mpaka ndolo zinkaoneka zolemera. Zilonda zinayamba m'matako ndi m'zidendene, iye ankazitsuka ndi madzi a mchere, osadandaula. Pamisonkhano ya mbumba ankakhala kumbuyo, pafupi ndi mtondo, maso pansi. Ine ndinkamuona ngati munthu wopusa, wongovomera zilizonse. Apo ndiye ndinaonetsa kuti maphunziro anga anali a pa bolodi pokha.

Chakumapeto kwa mvula ndinapita kukamuona mlongo wanga masana ena. Ndinamupeza atayang'ana kudenga. Khungu lake linali litayezuka ngati mbatata yokulira mumthunzi. Sanandifunse za kusukulu monga ankachitira.

"Achemwali," anatero, "kwanu kuja nyundo muli nayo?"

Ndinati ndili nayo.

"Mudzandibweretsere Loweruka. Musauze munthu."

Ndinadziwa chimene ankaifunira. Ndinayang'ana kukhomo, ndinaganiza za atsibweni, za dimba, za maso a azimayi aja. Ndipo ndinayankha ndi mawu amene mpaka lero ndikawakumbuka ndimafuna kudzilavulira.

"Tadikirani pang'ono achimwene, timve kaye yankho la mapepala aja."

Anandiyang'ana. Ankadziwa kuti ine ndikudziwa kuti yankho kulibe, chifukwa ndinali nditamunong'oneza ndekha miyezi yapitayo. Sanandikalipire. Anagwira m'mphepete mwa bedi ndi dzanja limodzi, nadzikoka mpaka anayang'ana kukhoma. Loweruka ndinapita ndi malalanje ndi sopo.

Zinachitika Lamulungu lina chimanga chitayamba kuuma. Tonse tinapita kukapela, ndipo ndinadabwa kuona mlamu wanga nayenso wabwera, poti nthawi zambiri ankatsala ndi wodwala. Anakhala pafupi nane, ndipo Misa yonse sanaimbe nyimbo ndi imodzi yomwe. Ankangopotokola nsonga ya mpango wake.

Pobwerera tinayenda gulu, atsibweni patsogolo ndi ambulera yawo. Tisanafike n'komwe tinamva kugogoda. Titakhota pa nkhokwe tinaona fumbi lofiira likutuluka pakhomo ngati utsi.

Mlongo wanga anali gone chammbali pakhomo penipeni, theka la thupi lili panja. Anali atadzigwetsa pabedi n'kudzikoka ndi zigongono kudutsa chipinda chonse, miyendo ikukhwekhwerezeka pambuyo. M'manja anali ndi pikareta, piki yothyoka mpini imene tinkakumbira ngalande kudimba. Pikareta siyenda yokha kuchoka m'khola kukalowa kunsi kwa bedi, ndipo nditacheuka kuyang'ana mlamu wanga, iye sanagwetse maso. Mphuthu ya kumanja inali itazulidwa. Njerwa anazichotsa kuyambira pansi mpaka pamene dzanja lake linafika, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti kadera sifuna khomo lotakasuka mpaka kumwamba, imangofuna podutsa magudumu. Ife ophunzira tinatha miyezi isanu ndi iwiri osaganiza zimenezo. Zigongono zake zinali zosupuka, magazi osakanikirana ndi dothi, ndipo maso ankatuluka misozi chifukwa anali ataiwala kuwala.

Atsibweni anaponya ambulera pansi. "Malodza! Mwana iwe wapenga? Ukudziitanira chiyani? Ndani wamupatsa chitsulo ameneyu?"

Mlongo wanga anatsamira pa chigongono, napuma kaye, chifukwa mpweya unali utamuthera.

"Atsibweni, munati nyumba amagumula ya munthu wakufa. Ine munandiika kalekale m'menemu. Ndinangoona kuti mwaiwala kugumula, ndiye ndati ndikuthandizeni."

Palibe anaseka. Atsibweni anayamba kufunafuna magalasi amene anali pamphuno pawo. Azimayi aja amene ankadziwa kuyang'anirana anayang'ana zala za kumapazi.

Mlamu wanga sanadikire chilolezo cha munthu. Anazungulira kuseri, ndipo tinamva akukutumula chiguduli. Anabwera akukankha kadera ija, matayala ataphwa, zitosi za nkhuku zili pampando. Anaipukuta ndi mpango wake wa ku Misa. Mwamuna wake atadzikokera panja, anailowetsa pakhomo paja kuti aone, ndipo inadutsa osakhudza mbali iliyonse. Anaitulutsanso, naiimika pambali pa mwamuna wake, namugwira m'khwapa. Iye anakoka ndi manja, mkaziyo anakweza ndi msana, ndipo poyesa kachiwiri anakhala. Nkhope yake inakwinyika, thukuta linatsika, chifukwa thupi linali litazolowera kugona ndipo mutu unkamuzungulira. Koma anakhala ndithu.

Apo m'pamene ine ndinadzidzimuka. Ndinathamanga, misozi ili chuchuchu, n'kugwira zogwirira za kumbuyo kwa kadera kuti ndimukankhe, anthu aone kuti mlongo wake alipo, yemwe anaubweretsa mpandowo kuchokera ku Fonte Boa. Ndinati, "Tiyeni achimwene, ndikupititseni mukaone chimanga."

Anaika manja pa magudumu n'kuwagwira zolimba, kadera osasuntha.

"Chotsani manja, achemwali," anatero, osatembenuka. "Ndinakupemphani nyundo."

Ndinachotsa. Anakankha yekha, matayala akuphwa akulira pa miyala, mkazi wake akuyenda pambali pake. Zilonda zija zinamutengera chaka kuti zipole, ndipo chimodzi chinamubwezeranso kuchipatala. Lero amakonza njinga pansi pa mtengo pamphambano ya msewu wopita ku Ulongwe, ndipo ndikadutsa amandipatsa moni mwaulemu wonse, kufunsa za ana, kundipatsa kachewere wa kudimba lija. Pobwerera kunyumba madzulo pali kachitunda kamene kamamuvuta, ndipo aliyense wodutsa, ngakhale mlendo, amamulola kumukankha. Ine ndikakhalapo amadikira munthu wina.